Moto wa Ndowe wa aNangozo

Dzina lawo laubatizo ndi Anjelina, koma m'mudzi mwawo kufupi ndi Bembeke aliyense amangoti aNangozo. Ndi mayi wamfupi, woyenda mwandawala ngati wachedwa ku Misa. Amalima kachewere ndi kabichi kudimba, ndipo kuseri kwa nyumba kuli khola la ng'ombe ndi lina la nkhumba. Amuna awo, a Gerevazio, ndi munthu wofatsa, amene tsiku lonse amakhalira kukonza njinga za anthu pansi pa mtengo wa pichesi.

Ali mtsikana, Bembeke kunkazizira koopsa. Mu Juni chisanu chinkawaula masamba a kachewere kudambo, ndipo za udzudzu ankangozimva kwa abale a kuchigwa ku Golomoti. Zaka zino amagona mu neti. Dimba limauma msanga, mvula imachedwa, ikati ibwere n'kugwa yonse tsiku limodzi. Ankaona zonsezi, koma chifukwa chake sankachidziwa.

Tsiku lina alangizi a zaulimi, a Bonifasi, anatenga alimi a kalabu kupita nawo ku Linthipe kukaona mlimi wina wa ng'ombe zamkaka. Kumeneko anawalowetsa m'khitchini mopanda mwaye ngakhale pang'ono. Mwini nyumba anatsegula kampopi, n'kukhwatchula machesi, ndipo pambaula panabuka lawi la buluu, lopanda utsi.

"Nkhuni zake zili kuti?" anafunsa aNangozo, akusuzumira pansi pa tebulo.

"Zili kukhola, mayi," anayankha a Bonifasi akuseka. Anawatengera panja n'kuwaonetsa dzenje lomangidwa ndi njerwa, lotsekedwa pamwamba, paipi ikuchokera mmenemo kulowera kukhitchini. Anafotokoza kuti ndowe zikaunjikana n'kumaola zimatulutsa mpweya wotchedwa metheni. Mpweya umenewo ukakwera kumwamba umakakumana ndi wina wochokera m'galimoto, m'mafakitale ndi m'nkhalango zowotchedwa, ndipo yonseyo imafunda dziko ngati bulangeti. Dzuwa likawomba, kutentha kumalephera kubwerera kumwamba.

"Ndiye bulangetilo ndi lomwe latibweretsera udzudzu?"

"Likuthandizira. Koma mpweya wochuluka zedi ukuchokera kumaiko olemera, osati m'makola mwathu. Kungoti wathu wochepawu tikhoza kuugwira n'kuphikira. Ukapsa, wotsalawo sutenthetsa dziko ngati metheni, komanso mitengo ya m'phiri imapuma."

ANangozo sanamvenso zina zimene zinakambidwa tsikulo. Pobwerera anatsika minibasi asanafike pa siteji yawo, chifukwa inkaimaima, ndipo anadula njira ya m'minda. Anafika kunyumba ali wefuwefu, n'kuyamba kuyeza ndi mapazi malo a pakati pa makola ndi khitchini, asanavule n'komwe chitenje cha paulendo.

"Kwagwanji, mayi a Rute?" anafunsa a Gerevazio, sipanala ili m'manja.

"Bambo a Rute, moto uli m'ndowe. Ndauona ndi maso angawa."

A Gerevazio anawayang'ana nthawi yaitali. "Ndiye tiyi wake azinunkha chiyani?"

"Mudzamwa, mudzandiuza."

M'mawa mwake anayamba kukumba. Amayi a mumphakati wawo wa kutchalitchi atamva, ena anabwera ndi makasu, ena anabwera kudzangoseka, koma pomaliza onse anali m'dzenje, dothi lofiira lili mbuu m'mipango. A Bonifasi anapeza mmisiri wodziwa kamangidwe kake. A Gerevazio, ngakhale ankang'ung'udza, ndiwo analumikiza mapaipi, pamfundo paliponse akumanga ndi mphira wa chubu cha njinga.

Atathiramo ndowe zosungunula ndi madzi, anayamba kudikira. Nthawi imene alangizi ananena inakwana, n'kupitirira. M'mawa uliwonse aNangozo ankatsegula kampopi, n'kuyandikiza machesi, koma ankangopserera m'zala. Anthu odutsa pamsewu anayamba kufunsa ngati tiyi wa ndowe wapsa. Zinawapweteka mtima, moti Lamulungu lina anatuluka m'tchalitchi mwakachetechete osacheza ndi munthu.

ANangozo anaimbira foni a Bonifasi. Alangiziwo anafunsa za kunja mmene kunalili, ndipo atamva kuti kuli chiperoni, anati, "Ndi kuzizira, mayi. Tizilombo toolesa ndowe timachita ulesi kukazizira. Kwanuko si ku Linthipe."

ANangozo anaseka mpaka misozi. Iwo amene ankadandaula kuti Bembeke watentha, lero chowalepheretsa chinali chisanu. Anatuta mapesi a chimanga ndi udzu n'kufunditsa dzenje lonse. Madzi osungunulira ndowe anayamba kuwasiya padzuwa m'zigubu zakuda, n'kumathira masana atafunda.

Patapita masabata angapo, tsiku lina chakumasana, anamva kafungo pamene anatsegula kampopi, ndi kaphokoso ngati tayala likuphwa. Anatenga machesi. Mtengo woyamba unathyoka. Wachiwiri unagwira, ndipo lawi la buluu linazungulira mbaula yonse, n'kukhazikika.

Anatuluka akululutira, akuthamanga opanda nsapato mpaka pamtengo wa pichesi. "Bambo a Rute, wayaka! Siyani njingayo."

A Gerevazio anasiya tayala la mwini likuzungulira. Atalowa m'khitchini anagwada n'kuika dzanja pamwamba pa lawi, n'kulichotsa msanga. Anangotenga ketulo okha, n'kuitereka.

Mbiri inawanda mofulumira. Dzuwa lisanalowe khitchini inali itadzaza, ena akusuzumira pawindo. Amayi a mumphakati anayambitsa nyimbo, fumbi n'kuti kobo pabwalo. ANangozo anaphika tiyi maulendo angapo mpaka shuga anatha, ndipo aliyense ankayamba wanunkhiza kapu asanamwe. Anaimbira mwana wawo Rute, amene amagwira ntchito ku Lilongwe, n'kuyandikiza foni pambaula kuti amve kulira kwa moto, ngakhale kuti mwanayo ankangomva phokoso la anthu.

Chiyambire pamenepo, kuphiri kukatola nkhuni amapitako mwa apo ndi apo, makamaka mu Julayi gasi akachepa. Maso, amene ankakhala ofiira ndi utsi, anayera. Matope otuluka m'dzenje amakawathira kudimba, ndipo kabichi wa chaka chatha anakula moti ogula a ku Linthipe ankalimbirana.

Alendo obwera kudzaona amawafotokozera okha, akuloza khola, kenako kumwamba. Amawauzanso kuti dzenje limodzi silingaziziritse dziko, koma mabanja awiri a mumphakati ayamba kale kuumba njerwa. Loweruka lapitali aNangozo anali kwa banja limodzi mwa awiriwo, ali m'dzenje mpaka m'chiuno, akutsutsana ndi mwini nyumba kuti paipi idutse mbali iti ya nkhokwe.