Kuperekezana pa Masitepe a ku Cape Town

Ndabwerako ku Cape Town, ndipo ndikupempha kuti kwa milungu iwiri pasapezeke munthu wondiitanira ku nyumba yosanja. Akatumba a miyendo yanga andilembera kalata yosiya ntchito.

Ndinapita ndi Amai. Mlongo wanga wamng'ono, Nelia, anakwatiwa kumeneko ndi mnyamata wa komweko, dzina lake Wiliyamu, ndipo Mulungu anawadalitsa ndi mwana wamkazi. Ubatizo unali Lamlungu lapitali. Nelia anauchedwetsa miyezi itatu kudikira kuti pasipoti ya Amai ituluke, chifukwa mwanayo anamutcha dzina lawo, Agnesi, ndipo ankafuna kuti pa tsikulo Agnesi wamkulu ndiye anyamule Agnesi wamng'ono.

Ine ntchito zanga zinali ziwiri: kunyamula zikwama ndi kumasulira Chingerezi. M'banja mwathu wophunzira ndine. Ndinakhala pa koleji chaka ndi theka ndikuphunzira zoyeza malo, mpaka ine ndi akuluakulu a pamenepo tinagwirizana kuti tisiyane tisanadane.

Ndiye ndikamanena za malo, mukumva kwa katswiri.

Lusaka ndi tebulo. Kuchokera ku Chelstone mpaka ku Kabwata, phiri lalitali kwambiri limene mungakwere ndi hampu ya pamsewu. Kumene amakhala Nelia, Mulungu anatenga tebulo lomwelo n'kuliyedzamiritsa kukhoma. Kumbuyo phiri, kutsogolo nyanja, pakati anaiwala kusiyapo malo. Nyumba zinangomatirira paphiripo ngati nkhupakupa pa khutu la ng'ombe, moti ukakhala pakhonde pako ukuyang'ana denga la mnzako. Kumunsi kwenikweni kuli msewu, njanji ndi doko la asodzi. Galimoto imathera pamenepo. Kuchokera apo mpaka pakhomo pa Nelia ndi masitepe a miyala okhaokha. Ndinawawerenga: 163. Mawa lake ndinawawerenganso, mwina achepa. Sanachepe.

Tsopano muwadziwe Amai. Zaka makumi asanu ndi limodzi anazidutsa kale, ndipo mawondo awo amalira ngati chitseko cha kabati yakale. Ndi Akatolika okhulupirika, koma ali ndi chipembedzo china chapambali: kuperekeza mlendo. Ku Kabwata aliyense amaidziwa sikelo yawo. Akakutsanzika pakhomo, dziwa kuti munalakwirana. Akakufikitsa pa geti, ndiwe munthu wamba, mwina wogulitsa matsache. Pa kona ya msewu amafikitsa anzawo a kwaya. Koma akafika nawe pokwerera basi, n'kudikira kuti idzaze, n'kumulangiza kondakitala malo okutsitsira ngati kuti iwe ulibe pakamwa, ndiye kuti ndiwe magazi awo.

Vuto lake n'lakuti sikelo yomweyo amayezeranso anthu ena.

Lachiwiri tinatsika kukaona amake a Wiliyamu, Anti Dorisi, amene amakhala kumunsi pafupi ndi doko. Asewere awiriwa kunali koyamba kuonana maso ndi maso. Anti Dorisi ndi mzimayi wamfupi, wojintcha, woseka ndi thupi lonse. Anatilandira ngati mvula yoyamba. Nsomba yokazinga, mbatata, tiyi, keke, kenako tiyi wina. Maola atatu dzanja la Amai lili m'manja mwawo, ine ndikumasulira mpaka kukhosi kuuma.

Potsanzikana anatikumbatira pakhomo, anatifunira ulendo wabwino, mphepo ya kunyanja inalowa m'nyumba mwaukali, iwo n'kutseka chitseko. Gu! Ife tikadali pakhonde.

Amai anakwera masitepe onse 163 osatulutsa liwu. Amene munakulira m'nyumba ya mayi wotere mukudziwa kuti chete ameneyo ndi mitambo.

Titangolowa m'nyumba mvulayo inagwa.

"Lazalo, sintha matikiti. Tinyamuka Lachisanu."

Nelia anatsala pang'ono kugwetsa botolo la mwana. "Amai, ubatizo ni pa Sande! Manje mwayamba chani?"

"Anthu awa sakutifuna. Munthu n'kukutsekera chitseko chidendene chako chikadali pakhonde? Ngakhale galu umamuyang'ana kuti watuluka pa geti."

"Kuno sibapelekeza, Amai. Ni mwamene bachitila chabe. Ba Dorisi bamikondani maningi."

"Ngati ine mayi wako anditsekera chomwechi, iwe amakutsekera bwanji ine kulibe? Mwana abatizidwe. Ine ndidzaonera pa foni."

Nelia analowa kuchipinda ndi mwana, ndipo kulira kumene tinamva sikunali kwa mwanayo. Wiliyamu, mkamwini wofatsa amene ankayenda m'nyumba yake yomwe ngati mlendo, anafuna kuthamangira kumunsi kukawauza amake. Nelia anamuletsa. Kuperekeza kochita kupempha Amai sakuwerengera.

Ine ndinatenga foni, ndinaiyang'ana mwaulemu wonse, n'kulengeza kuti netiweki yavuta chifukwa cha phiri. Lachitatu inavutanso. Kuphunzira sikupita pachabe.

Lachinayi masana Anti Dorisi anatulukira pakhomo akupuma ngati sitima, atanyamula mbale ya makeke, osadziwa n'komwe kuti ali pa mlandu. Amai anawalandira ndi ulemu wozizira, uja timaonetsa pa maliro a munthu amene sitinkamwerana naye madzi. Mlendo atatsanzika, Amai anathira mtedza m'mbale muja, poti mbale sibwerera yopanda kanthu, kenako anamanga chitenje mwamphamvu.

"Lazalo, nyamula mbale. Ndiwaonetse anthu awa mmene munthu amachotsera mlendo."

Tinatsika. Pa sitepe iliyonse bondo la Amai linkapereka maganizo ake. Anti Dorisi ankaganiza kuti tikupita ku sitolo, moti ankatilozera kumene kuli buledi wabwino. Titafika pa geti pawo penipeni, Amai anaima, anaomba m'manja pang'ono, anati, "Mufike bwino," ngakhale munthuyo anali atafika kale, n'kutembenuka kuyang'ana kuphiri.

Anti Dorisi anandikoka malaya. "Amayi ako akupita kuti?"

"Akubwerera kumtunda."

"Nanga anatsikiranji?"

"Kukuperekezani."

"Kundiperekeza ine? Ine ndinabadwira pa masitepe amenewa!" Anayang'ana mawondo a Amai, anayang'ana phiri, kenako anandiyang'ana ine ngati ndine ndinaliumba. "Ndi miyendo imeneyi akwere okha? Iwe sindikukuwerengera, ukuoneka kuti ugwa ndiwe poyamba. Ayi, sindingalole."

Anandilanda mbale, anaiika pakhoma, anawakolowekera Amai mkono, n'kuyamba kukwera nawo.

"Akuti chiyani?" anafunsa Amai.

"Akuti akuperekezani."

Amai anakweza nsidze. "Oho. Kani amadziwa."

Pamwamba Nelia anatsegula chitseko n'kupeza anthu atatu amene anachoka theka la ola lapitalo, onse thukuta kamukamu. Anti Dorisi anamwa madzi, anapsompsona mwana, anati tsopano apite. Nditacheuka ndinaona Amai akumanganso chitenje.

"Amai, chonde."

"Mlendo akuchoka pakhomo pa mwana wanga. Apite yekha ngati wakuba?"

"Koma mwawaperekeza kale."

"Uja unali ulendo wina. Uwu ndi wina. Tiye."

Monga katswiri, ndinawerengera msanga m'mutu n'kuona kuti zimenezi zilibe mathero. Amai akatsitsa, Anti Dorisi akweza. Anti Dorisi akakweza, Amai atsitsa. Wina ayenera kufera paphiri pano, ndipo mwa atatufe wofooka anali atadziwika kale.

Chinatipulumutsa ndi benchi. Pakatikati pa masitepewo, cha pa nambala 80, pali kabenchi ka simenti, kamene ndikukhulupirira kuti anakamanga munthu amene anaperekezapo mlendo. Azimayi awiriwo anagwerapo limodzi osafunsana. Ine ndinakhala pansi. Kumunsi mabwato ankalowa m'doko, mbalame zoyera zikuwatsatira ndi phokoso. Kwa kanthawi pakati pathu pankangomveka wefuwefu.

Kenako Anti Dorisi anasisita benchi ija ndi chikhatho.

"Uwauze amayi ako kuti benchi iyi ndimaidziwa. Tsiku limene Nelia anayamba kumva ululu wa mwana, Wiliyamu anali kuntchito, ndipo kunkagwa mvula kuyambira m'mawa. Galimoto singakwere kuno. Ndinamutsitsa ndine, sitepe imodziimodzi, atandikolowekera m'khosi. Tinapumira pano. Ankalira kuitana amake m'chilankhulo chanu. Mawuwo sindinkawamva, koma ndinadziwa amene akuitanidwa. Ndinamuuza kuti amako ali kutali, mwanawe, lero amako ndine. Sindinachoke kuchipatala mpaka mwana atalira."

Ndinamasulira zonse osawonjezerapo kanthu, chinthu chimene sichichitika kawirikawiri.

Amai anatsitsa maso. Ankayang'ana masitepe otsala kumunsi, onyowa ndi nkhungu ya kunyanja, milomo ikugwedera ngati akuwawerenga. Kenako anatenga dzanja la Anti Dorisi n'kuliika pa bondo lawo lodwala lija.

"Uwauze kuti kwathu timati mwana wa mnzako ndi wako yemwe. Uwauze kuti zikomo." Anapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje. "Ukatha uwafunse, nanga Lachiwiri lija anatitsekeranji chitseko?"

Amai satha mlandu usanazengedwe.

"Mphepo!" anakuwa Anti Dorisi. "Chaka chatha inandigwetsera chithunzi cha malemu amuna anga, galasi n'kusweka. Munthu uja anavutika mokwanira ali moyo."

Anaseka mpaka kutsokomola, awiri onse, wina kutsamira mnzake. Atapuma, Amai anandicheukira.

"Lazalo, matikiti aja unasintha?"

"Netiweki, Amai."

"Ukanasintha ukanandiona."

Pomwepo anapangana pangano, ine mboni. Benchi ndiyo malire. Wochokera kumtunda aziperekezedwa mpaka pa benchi, wochokera kumunsi chimodzimodzi, ndipo palibe wololedwa kudutsa. Tsiku limenelo kutsanzikana kwake kunatenga nthawi yaitali kuposa kukwera ndi kutsika konse kuja. Lamlungu Agnesi wamkulu ananyamula Agnesi wamng'ono m'tchalitchi. Madzi atamugwera pamphumi mwanayo anakuwa mpaka wansembe anabwerera m'mbuyo, ndipo Amai anauza aliyense wapafupi kuti mawu amenewo ndi a kwathu.

Tsopano inu a mu Lusaka muno, musaseke kwambiri. Anti Dorisi ali ndi podzikanira: phiri, mphepo ndi chithunzi cha malemu. Nanga ife a patebulo, tikanira pati?

Nditabwerako ndinapita ku Woodlands kukaona mnzanga amene tinayamba naye koleji. Iye anamaliza, ndipo sindimusungira chakukhosi. Tinacheza bwino. Potsanzikana sanadzuke ndi pa sofa pomwe. Anatenga karimoti, anakalozetsa pawindo, geti n'kudzitsegula lokha.

"Uyende bwino, mudala. Unitumile meseji ukafika."

Amene anandiperekeza ndi galu wake, ndipo cholinga cha galuyo sichinali ulemu.

Ku Kabulonga n'kwabwinoko, amakupereka kwa mlonda. Kwina konseku tinaphunzira kuitana takisi pa foni. Imaima pakhomo penipeni, mlendo amachoka pa mpando n'kugwera pa mpando, phazi lake osaponda fumbi la kwanu. Timati n'chitukuko. Timati tikumusungira nthawi. Ndipo n'zoona, dzuwa la mu Lusaka si la masewera, ndipo nsapato zakwera mtengo.

Koma ife tinakula tikudziwa kuti nkhani yeniyeni sikambidwa pabalaza. Pabalaza pali wailesi ya kanema, pali ana, pali apongozi amene akunamizira kugona. Pamenepo timakamba za magetsi ndi za mpira. Chimene mlendo wadzera amachisunga mpaka mutatuluka pa geti, mukuyenda phewa ndi phewa, aliyense akuyang'ana njira osati nkhope ya mnzake. Ndi pamene umamva munthu akuti, "Paja akazi anga anapita kwawo mwezi watha." Kapena, "Adokotala akuti ndibwerenso Lolemba, koma sananene chifukwa." Mawu otere safuna kuyang'anidwa m'maso. Amafuna miyendo iziyenda.

Anti Dorisi anatidyetsa nsomba maola atatu, ine ndikumasulira chilichonse mpaka mtengo wa mbatata, koma za tsiku la mvula lija sanatchule ngakhale kamodzi. Zinatulukira pa masitepe, munthu atatopa, akuyang'ana nyanja. Akanakhala ndi karimoti, Amai akanabwerera Lachisanu ali ndi chikhulupiriro chonse kuti mwana wawo ali yekha pakati pa anthu otseka zitseko, ndipo Agnesi wamng'ono akanakula akumva kuti agogo ake anaonera ubatizo wake pa foni.

Ndiye mlendo amene anakuchezerani dzulo, uja munamutsanzika muli gone pa sofa: mukuganiza kuti anakwera mabasi awiri kudzangomwa tiyi wanu?