Mano Amene Tabeth Anachapa

Ku Chinzombo kunalibe wochapa zovala womposa Tabeth. Anayamba ntchitoyo pa loji ina ya alendo m'mbali mwa mtsinje wa Luangwa mwamuna wake atangomwalira, ndipo nsalu iliyonse yodutsa m'manja mwake inkatuluka ili mbee. Vinyo wa alendo, matope, mafuta a galimoto, zonse zinkachoka. Kwa iye banga linali litsiro basi, ndipo litsiro linali ulesi wa mwini wake. Ankanena zimenezi mokweza, ngakhale pakhomo pa tchalitchi.

Ndiye taganizani mmene zinamuwawira mano a ubwana a Emmie, mwana wake mmodzi yekhayo, ataguluka n'kumera ena a mizere yofiirira ngati a munthu wotafuna fodya. Ana ena omwa pa mjigo womwewo analinso otero, koma Tabeth ankati amayi awo ndi auve. Wakeyo ayi. Ankafuna kuti Emmie adzaperekere alendo chakudya pa loji, asadzakalambire pa mwala wochapira ngati make, ndipo ankadziwa kuti kumeneko amasankha atsikana omwetulira bwino.

Anayamba ndi phulusa, kenaka makala osinja. Pofika 1994 anali atafika pa mchenga wa kumtsinje wosakaniza ndi madzi a mandimu. Lamlungu lililonse akaweruka kutchalitchi ankamukhazika mwanayo pansi, mutu n'kuupana ndi mawondo.

"Amayi, akundiwawa," Emmie ankatero.

"Yasamula iwe. Udzandithokoza."

Choipa n'chakuti poyamba zinkaoneka ngati zikutheka. Mizere inazilala, Tabeth n'kumaonetsa anzake. Patapita miyezi mano onse akutsogolo anasanduka achikasu, kuposa kale. Wina akanalekera pomwepo. Koma mayi wouma mutu uja anati litsiro lalowa mkati, n'kutenga sitiliwulu wotsukira mapoto.

Emmie anasiya kumwa madzi a mumtsuko, ankayamba wawaika padzuwa kuti afunde. Kusukulu analeka kuyankha mafunso, chifukwa akatsegula pakamwa ngakhale mphepo inkamulasa. Mu 1997 mlomo wam'mwamba unatupa mpaka kufika pamphuno, usinini ukutuluka mafinya. Apo m'pamene Tabeth anapempha tchuthi n'kukwera naye minibasi ya ku Chipata.

Kuchipatala anapeza dokotala wa mano, a Lubinda, bambo wofatsa wolankhula Chinyanja mosankha mawu. Anayang'ana m'kamwa mwa mtsikanayo nthawi yaitali, n'kufunsa chimene akhala akutsukira. Tabeth anafotokoza zonse, monyadira ndithu, kuti adokotala aone kuti iye si mayi wonyalanyaza mwana.

"Amayi, sichinali litsiro," anatero a Lubinda. "Madzi a m'mijigo ina ali ndi mchere wina wa m'miyala. Mwana akamamwa ali wamng'ono, mano akupangika mkati mwa usinini, amadzatuluka ndi mtundu umenewo. Amanyansa m'maso, koma munthu amadyera mpaka kukalamba. Dzino lili ndi chikuto cholimba kunja. Chimenecho ndi chimene mwapala, ndipo chachikasu mumachionacho ndi mkati mwa dzino."

"Ndiye mutipatse mankhwala chimerenso."

"Sichimeranso. Khungu limapola, fupa limalumikizana, koma ichi ayi. Anayi am'mwambawa awola mpaka kumizu. Tikawasiya, mafinya afalikira kumaso."

Tabeth anafuna kutsutsa, monga ankachitira ndi aliyense, koma adokotala anamutulutsa panja kuti azule mano anayiwo. Anakhala pabenchi manja ali pamiyendo, manja okakala aja otuwa ndi sopo, ndipo kwa nthawi yoyamba anachita nawo mantha. Anamva chisoni chimene sanachimvepo ngakhale pa maliro a mwamuna wake, chifukwa pa malirowo analibe mlandu.

Emmie anatuluka ataluma thonje lofiira ndi magazi. Anali ndi zaka khumi ndi zisanu, koma m'kamwa mwake muli ngati mwa nkhalamba. Sanalire. Anayenda patsogolo mpaka pokwerera minibasi, make akutsatira pambuyo.

"Mwanangu, ndikugulire chiyani?" Tabeth anafunsa.

Mtsikanayo anatsegula dzanja. Anali atapempha adokotala kuti amupatse mano aja, ndipo anali atawakulunga m'kapepala. Anawaika m'dzanja la make, n'kulankhula movutikira thonje lili m'kamwa.

"Tengani, amayi. Mukachape bwinobwino. Tsopano sandiwawanso."