Mafuta a boti m'thanki ya galimoto

Ndinali ndi zaka khumi ndi zitatu pamene Ada anagula galimoto. Kwathu ku Kande bambo timati Ada, mayi timati Ama. Ada anga anali msodzi wodziwika, wa maboti awiri ndi injini ziwiri zimene ankazisamala kuposa ife ana awo. Ntchito yanga ndikaweruka kusukulu inali kusakaniza mafuta. Injini za maboti athu zinalibe posungira oyilo, ndiye unkathira oyiloyo m'chigubu cha petulo n'kukhutchumula mpaka mtundu usinthe. Manja anga ankanunkha petulo ngakhale m'tchalitchi.

Galimotoyo anaigula kwa namwino wina wa ku Dedza amene ankasamutsidwa. Kanali kagalimoto kofiira, ka injini yaing'ono ya masilinda anayi, kosamwa mafuta ambiri. Tsiku lopereka makiyi mayiyo anatsegula boneti, natisonyeza pothira madzi, pothira oyilo, ndi kachitsulo koyezera oyiloyo.

"Kainjini aka sikavuta, bambo," anatero. "Kamangodana ndi kutenthedwa ndi mafuta akuda. Oyilo ali ndi malo ake pansi apa. Ku thanki ndi petulo yekha."

"Yewo, ama," Ada anayankha mwaulemu. Mayiyo atangopotoloka analavula malovu. "Wobaya jakisoni andiphunzitse injini ine?"

Madzulo omwewo anandiponyera chigubu kuti ndisakanize. Ndinati za maboti ndasakaniza kale. Anati akunena za galimoto. Ndinawakumbutsa mawu a namwino uja. Anati injini ndi injini, ikamwa petulo wouma imauma pakhosi n'kufa. Ndinati sindisakaniza. Sikuti ndinali wanzeru kuposa ana ena ayi. Ndinangoona ndi maso anga kachitsulo kaja kakutuluka kali noninoni ndi oyilo, ndipo mutu wanga unakana basi.

Chingwe cha khoka chikanyowa chimaluma ngati mavu. Anandikwapula nacho kumsana mpaka Ama analowererapo. Kenako anasakaniza okha, mowolowa manja.

Masiku oyamba kagalimoto kanayenda, Ada akuphunzira kuyendetsa pa bwalo la mpira, ana akuthamangira pambuyo. Posakhalitsa kanayamba kutsokomola m'mawa, utsi wabuluu uli tolotolo kumbuyo. Ada anati kakupempha oyilo wina, nawonjezera.

Ndiye unafika ukwati wa mlongo wanga Esnati, ku tchalitchi cha ku Bandawe. Ada anali atalengeza mudzi wonse kuti mwana wawo sakwera lole ngati thumba la usipa. Kagalimoto anakamangirira maluwa ndi nsalu. Analowamo Esnati ndi diresi lake loyera, omuperekeza awiri, Ama, ndi ine wopanikizidwa kuchitseko. Akuchimuna ankabwera pambuyo pathu pa lole, akuimba.

Tisanafike pokhotera ku Bandawe injini inayamba kunjenjemera. Inaphulika kawiri ngati mfuti, basi zii. Ada anapotokola kiyi mpaka batire linayamba kufooka. Lole inaima, nyimbo zinatha, anthu anatizungulira. Dalaivala wa loleyo anatsegula boneti ya kagalimoto kathu, namasula pulagi imodzi ya injini, naikweza m'mwamba. Inali yakuda bii, yonyowa. Ananunkhiza pa thanki, naphulika kuseka.

"Ndani wathira mafuta a boti muno? Mumafuna iyandame?"

Akuchimuna onse anafa nacho chiseko. Ndinaona khosi la Ada likutupa. Kenako chala chawo chinaloza ine.

"Ndi mwana uyu. Ndiye amasakaniza mafuta kwathu. Iwe, gwada upepese kwa alendo."

Bodzalo linandikwana ngati malaya osokedwa ndi telala, chifukwa aliyense ku Kande ankadziwa kuti wosakaniza mafuta ndine. Ama anawerama, nandinong'oneza: "Ingogwada, mwanangu. Mwana amafunda manyazi a bambo ake. Mawa ziiwalika."

Koma kwathu siziiwalika. Ukachita chopusa pagulu amakupatsa dzina, ndipo dzinalo umalowa nalo m'manda. Ndinkadziwa bambo wina waimvi amene ankatchedwabe ndi dzina la mbuzi imene anataya ali mwana. Ndikanagwada pamsewu paja ndikanakhala chitsiru chimene chinaononga ukwati wa mlongo wake, pomwe zikwapu zokanira ndinali nditadya kale.

"Sindipepesa," ndinatero. "Ndinakana kusakaniza, munandimenya."

Ndinavula malaya anga atsopano n'kutembenuka kuti onse aone msana. Mikwingwirima inali ikuonekabe.

Panalibe amene anaseka. Mayi wina wachikulire wakuchimuna anagwira pakamwa, sindikudziwa ngati ankadabwa msanawo kapena mwano wanga. Kenako Esnati anatsegula chitseko. Anatuluka m'galimoto, nakwinya diresi lake m'manja.

"Ine ndikukakwatiwa. Za injinizo tsalani nazo," anatero, nakwera lole.

Chilango changa chinali kulondera galimoto. Onse anapita, ine ndinatsala pamsewu, padzuwa, m'mimba muli pululu. Ukwati wa mlongo wanga sindinauone, mpunga ndi nyama yake sindinalawe. Ndinalira, sindikana. Koma ndinkalira ndi ukali, ndipo akanabwerera kudzandifunsanso ndikanayankha chimodzimodzi.

Mawa lake makaniko wa ku Chintheche anakhuthula thanki, natsuka kabuleta, napala mapulagi. Kagalimoto kanalira ngati katsopano, ndipo kanatitumikira zaka zambiri. Vuto lake lenileni linali lija ananena namwino: ukakadzaza matumba n'kukakweza mapiri osayang'ana madzi, kamatentha.

Ada sanandilankhule mpaka mvula inagwa. Sanapepese, inenso sindinapepese. M'mawa wina ndikupita kusukulu anangotsegula boneti, nati, osandiyang'ana, "Yeza oyilo." Ndinasolola kachitsulo kaja, ndinapukuta, ndinayeza, ndinati ali bwino. Anagwedeza mutu. Nkhaniyo inathera pamenepo mpaka tsiku limene tinawaika m'manda.

Lero ndili ndi kagalimoto kanga konyamula anthu pakati pa Mpamba ndi Chintheche. Ndimamva anzanga akunyoza mainjini ang'onoang'ono, ati ndi osalimba. Munthu wagula petulo wosadziwika wa m'zigubu, wanyamula anthu ngati minibasi, oyilo sanasinthe kuyambira chaka chatha, koma wolakwa ndi injini. Chifukwa chake n'chakuti injini siyankha. Mlandu timakonda kuusenzetsa chimene sichingayankhe, ndipo m'nyumba zathu chimenecho amakhala mwana.

Achibale amanenabe kuti ndinachititsa Ada manyazi pamaso pa alendo. Anene. Ulemu ndinali nawo ndipo ndili nawobe, koma ulemu wogwadira bodza ndinaukana ndili mwana, sindingauyambe ndi imvi. Mwana wanga wamkulu anatengera pakamwa panga. Akanditsutsa mtima umandiwira, dzanja limayabwa ngati la Ada. Koma ndisanamukalipire ndimayamba ndatsegula boneti.