Ndinalemba Amalume Anga M'gulu la Akufa Ali Moyo

Inu owerenga, ine ndinapha amalume anga papepala. Eniake ali moyo mpaka lero, koma dzanja langali linawaika m'gulu la akufa pamaso pa mbumba yonse, ndipo chichitikireni zimenezo mtima wanga sukhala pansi. Ndikulemba izi chifukwa ndaona kuti kuno ku Chipata anthu ambiri ayamba kukonda zimene ndinkakonda ine, zosonkhanitsa maina a makolo n'kuwalowetsa m'kompyuta. Ndi ntchito yabwino, sindikukana. Koma wakutsina khutu ndi mnansi, choncho tandimverani kaye.

Ndine mphunzitsi, ndimakhala m'tauni, koma kwathu ndi ku Madzimoyo. Bambo anga anamwalira ndili wamng'ono, ndipo amene anandilera ndi amalume, alongo awo a amayi, a Zakeyu Phiri. Dzina limeneli sanabadwe nalo ayi. Anabadwa ali Lameki, koma amalume awo, a Zakeyu oyamba, atamwalira, banja linawalowetsa dzina monga mwa mwambo wathu. Kuyambira pamenepo palibe amene amawatchula Lameki, ndipo kutero kungakhale chipongwe. Wolowa dzina ndiye amayang'anira mbumba: minda, maukwati, maliro, milandu, zonse zimafikira kwa iye. Aliyense ankadziwanso, ngakhale zoterezi sizinenedwa mokweza, kuti pambuyo pa iwo dzinalo lidzagwera ine, poti ndine mwana wamwamuna woyamba wa mlongo wawo.

Za kompyutazi zinayamba mwamasewera. Mphunzitsi mnzanga anandiikira pulogalamu ina palaputopu yanga, yoti umalembamo munthu, makolo ake, mkazi kapena mwamuna wake, ana ake, n'kuikapo chithunzi, kenaka yokha imajambula mtundu wonse ngati mtengo wa nthambi zake. Abale inu, zinandilowa ngati mowa. Loweruka likafika ndinkakwera minibasi kupita ku Chiparamba kapena kumudzi kukafunsa okalamba, kujambula ndi foni zithunzi zakale za m'masutikesi, kuwerenga zolembedwa pa ziliza. Mkazi wanga ankandiseka kuti ndimacheza ndi akufa kuposa iwo amoyo. Ine ndinkangoti nsanje basi.

Vuto la ntchito imeneyi kwathu kuno ndi zaka. Mukafunsa wokalamba kuti uje anabadwa liti, amakuuzani kuti chaka cha dzombe, kapena nthawi imene anamanga tchalitchi cha njerwa. Kompyuta siidziwa dzombe. Ndiye malo a chaka chobadwa ndinkangowasiya opanda kanthu kwa anthu ambiri, kuphatikizapo a Zakeyu onse awiri. Taonani tsono mmene zinakhalira: anthu awiri, dzina limodzi, mfunda umodzi, mudzi umodzi, chaka chobadwa palibe. Kusiyana kwake kunali koti oyambawo anali ndi chaka chomwalira chimene ndinakopera pa chiliza chawo, pamene amalume anali ndi chithunzi chokongola chimene ndinawajambula ndekha atavala jekete lawo la kutchalitchi.

Banja litagwirizana zovundukula chiliza cha agogo aakazi, amayi awo a amalume, ndinadzitama pamsonkhano kuti ine ndidzabweretsa mtundu wonse utasindikizidwa pachinsalu chachikulu, aliyense adzadzione pamene wakhala. Palibe anandituma. Ndinkafuna kuti anthu aone kuti sukulu imene amalume anandiphunzitsa sinapite pachabe.

Tsiku litayandikira ndinakhala pansi kuti ndikonze zotsalira. Pulogalamu ija ili ndi pena pamene umadina kuti ikufufuzire anthu amene unawalemba kawiri, n'kuwaphatikiza akhale mmodzi. Ine ndinali nawodi otero, chifukwa dzina lomwelo umalimva ku Chiparamba n'kulimvanso kumudzi, n'kulilemba kawiri osazindikira. Inanditulutsira maina awiriawiri ambiri ndithu, ndipo pa alionse inkafunsa ngati ali munthu mmodzi. Oyambirira ndinawayang'ana bwinobwino, ndipo onse inalondola. Ndiye ndinati, aa, makinawa ndi ochenjera kuposa ine, ndivutikiranji? Ndinadina pamene pamati vomerezani onse. Kudina kamodzi kokha, inu owerenga. Mkati mwa otsalawo munali a Zakeyu awiri aja. Inawaumba kukhala munthu mmodzi: nkhope ya amoyo, chaka cha akufa.

Sindinaone kanthu. Mtundu wathu ndi waukulu, ndipo ukauonetsa wonse pagalasi la laputopu maina amangokhala ngati nyerere. Ndinaona kuti nthambi zakhala bwino, ndinasangalala, ndinaika pafulashi, ulendo kwa osindikiza m'tauni.

Mayi wa pasitolopo anandifunsa ngati ndingakonde kuti ayambe wanditulutsira pamapepala wamba kuti ndiwerenge ndisanalole chachikulucho. Ndimakumbukira mmene ndinamuyankhira, ndipo ndikakumbukira ndimafuna kulowa pansi. Ndinati ine ntchito yanga ndi kuchonga zolakwa za ena tsiku lililonse, ndiye izi ndaziona kale. Ndinamuuzanso kuti atulutse timapepala tating'onoting'ono ta nthambi ya agogo, toti nyumba iliyonse idzatenge kake. Malaiti anathima asanamalize, moti zonse ndinakazitenga m'mawa wa tsiku la mwambo, chinsalu chili chokulungidwa kale, timapepala tili mu envulopu. Minibasi inali itatsala pang'ono kudzaza. Sindinafunyulule.

Kumanda zonse zinayenda bwino. Abusa anapemphera, nsalu inachotsedwa pa chiliza, azimayi anaimba, tinabwerera kunyumba kwa amalume. Anthu akudikira chakudya ndinakhoma chinsalu chija pakhoma la nyumba, n'kuyamba kugawa timapepala. Poyamba kunali chisangalalo chokhachokha. Uyu akuloza dzina lake, uyo akuitana mnzake kuti adzaone amayi ake ali mtsikana, achinyamata akujambula ndi mafoni n'kutumiza kwa abale akutali. Ine ndaima pambali, chifuwa chili patsogolo.

Kenaka phokoso linayamba kuchepa kuchokera pakati pa gululo. Ndinaona Esinati, msuweni wanga, mwana woyamba wa amalume, ataima chala chili pachinsalu, osasuntha. Anatembenuka n'kundiyang'ana, ndipo anandifunsa ndi mawu otsika kuti, “Achimwene, atate anamwalira liti?”

Ndinayandikira. Chithunzi cha amalume ndi jekete lawo lija, pansi pake dzina, pansi pa dzina kamtanda kakuda ndi chaka. Ndinayamba kulongosola za pulogalamu, za kudina, za maina ofanana, koma mawu anga ankamveka opusa ngakhale kwa ine ndemwe. Amalume maso awo ndi ofooka, ndiye anafunsa kuti kwachitika chiyani. Palibe ankafuna kuwauza. Potsiriza Esinati anawawerengera. Amalume atamva anati, “Ndiye kuti lero mwavundukula ziliza ziwiri.” Ena anayesa kuseka, koma kuseka kwake sikunapite patali. ANabanda, akazi awo a amalume, analowa m'nyumba osatulukanso.

Ndinachotsa chinsalucho msangamsanga. Koma madzi akatayika saoleka. Timapepala tinali titalowa kale m'matumba ndi m'mabaibulo, zithunzi zinali zitafika kale ku Lusaka ndi ku Migodi. Tisanabalalike, foni ya Esinati inalira: wachibale wina wa ku Kitwe, ku Migodi komweko, ankapepesa maliro, n'kumadandaula kuti bwanji sitinamuuze.

Inu owerenga a m'tauni mwina mukuti, aa, n'kulakwitsa chabe, munthu amapepesa zimatha. Inenso ndinkadziuza choncho pobwerera. Koma taganizani. Ndani analemba? Mphwawo. Ndani adzalowe dzina amalumewo akapita? Mphwawo yemweyo. Kumudzi anthu sanafunikire kompyuta kuti aphatikize ziwirizi. Mawu anayamba kundipeza m'tauni momwe muno: akuti mphunzitsi watopa kudikira, akuti ufiti wa masiku ano ndi wa m'makina, akuti chithunzi chija anachijambulira zomwezo. Amayi anga, amene ndi munthu wa Chigwirizano cha amayi a kutchalitchi, wosakhulupirira zamatsenga, anandiimbira foni akulira, n'kundifunsa kuti ndiwauze zoona poti iwo ndi amene anandibala. Funso limenelo linandipweteka kuposa miseche yonse.

Kuyambira pamenepo ndinkakhala ndi mantha amodzi okha: amalume asadwale. Ndi munthu wamkulu, ndipo kuthamanga kwa magazi anali nako kalekale. Foni ikalira n'kuona kuti ndi nambala ya kumudzi, ndinkaopa kuyankha. M'kalasi ndinkapezeka ndaima ndi choko m'manja, ndaiwala chimene ndimalemba, ana akungondiyang'ana. Chakudya sichinkalowa. Mkazi wanga anasiya kundiseka.

Mwezi usanathe, chimene ndinkaopa chinachitika. Amalume anagwa m'munda akukumba nsawa, mbali imodzi ya thupi inafooka, ndipo anabwera nawo kuchipatala kuno ku Chipata. Adokotala ananena poyera kuti ndi kuthamanga kwa magazi, ndiponso kuti anali atasiya kumwa mankhwala. Koma mawu a dokotala amathera pakhomo la wodi. Ndinapita ndi phala ndi tiyi zimene mkazi wanga anakonza. ANabanda analandira ndi manja awiri mwaulemu, n'kuika pansi pa bedi. Mawa lake ndinapeza zili pomwepo, zosatsegula. Abale amene tinkadyera mbale imodzi ankati ndikalowa, iwo n'kusendera pafupi ndi bedi ngati akutchinga. Ndinkapemphera kuti Mulungu awasunge, ndipo ndikuvomereza mwamanyazi kuti sindinkadziwanso ngati ndikupempherera iwo kapena ndikudzipempherera ndekha.

Mulungu anamva. Amalume anatuluka m'chipatala, ngakhale tsopano amayenda ndi ndodo ndipo mawu amatuluka pang'onopang'ono. Ine ndinakhala pansi n'kuyamba kulekanitsa anthu awiri aja m'pulogalamu, ntchito imene inandivuta koopsa chifukwa ndinalibe kope lina la mmene zinalili ndisanadine. Ana, akazi, makolo, zonse zinali zitasakanikirana, ndipo ndinachita kubwereranso kwa okalamba kukafunsa kachiwiri, ena akundilandira ndi nkhope zolimba. Nditamaliza ndinatulutsa pamapepala wamba, ndinawerenga dzina lililonse mokweza mkazi wanga akutsatira ndi chala, kenaka ndinapita nazo kumudzi ndisanasindikize chachikulu.

Ndinawapeza amalume ali pakhonde. Ndinagwada, ndinapepesa, ndipo Esinati anawawerengera nthambi yonse. Atafika pa dzina lawo, amalume anamwetulira ndi mbali imodzi ya pakamwa, n'kunena kuti, “Wandiukitsa tsopano.” Mtima wanga unayamba kutsika. Koma anauza Esinati kuti atisiye awiri.

Anandiuza kuti iwo sanakhulupirirepo n'kamodzi komwe kuti ndingawachite choipa, poti munthu amene unamusambitsa ndi manja ako umamudziwa. Koma anati pakamwa pa anthu palibe chitseko. Anati tsiku lawo likadzafika, kaya ndi chaka chino kaya patsogolo, ine n'kulowa dzina lawo, mbumba idzagawikana, ndipo ana anga adzakula akulozedwa zala. Ndiye anali ataitana kale akuluakulu n'kuwauza kuti dzinalo lidzapite kwa mng'ono wanga Filimoni. “Sindikukulanda, mphwanga,” anatero atagwira dzanja langa ndi dzanja lawo lamoyolo. “Ndikukuphimba.” Ndinalira ngati mwana pakhondepo, bambo wa ndevu zanga.

Tsono inu amene mwayamba ntchito imeneyi, imvani kwa ine amene ndinapsa. Mapulogalamuwa anapangidwa ndi anthu amene sadziwa zolowa dzina. Kwa iwo maina awiri ofanana m'mudzi umodzi ndi kulakwitsa, pamene kwa ife ndi ulemu. Munthu wolowa dzina muzimulembera ndi dzina lake lobadwa nalo pambali, ndipo ngati chaka simukuchidziwa lembani choyerekeza, n'kusonyeza kuti n'choyerekeza, kusiyana n'kusiya popanda kanthu. Makina akakufunsani ngati awiri ali mmodzi, yankhani za munthu aliyense payekha, ngakhale mutatopa chotani. Musanasinthe chachikulu chilichonse, sungani kope lina pafulashi. Wosindikiza akakupatsani mwayi woona pamapepala wamba, landirani ndi manja awiri, mupite nawo kwa akuluakulu awerenge, makamaka maina a amoyo. Ndipo musagawire anthu chinthu chimene inu eni simunachifunyulule.

Amalume akadalipo, ndimapita kukawaona, ndipo masiku ano aNabanda amawapatsa tiyi amene ndabweretsa. Koma foni ya kumudzi ikalira, ndimaopabe kuyankha. Ndikudziwa kuti tsiku lina idzalira ndi uthenga weniweni, ndipo tikadzachoka kumanda akuluakulu adzaimiritsa Filimoni pakati pa bwalo n'kumutcha Zakeyu, ine nditakhala pansi pamodzi ndi anthu ena onse.