Voti ya Mayi Stryker

Keziah Stryker anabadwira ku Pine Ford, m'dera la New Jersey, ndipo anamwalirira komweko. Munda wa bambo anga unkachita malire ndi wake, ndiye zambiri ndinaziona ndekha, zina ndinamva kwa anthu.

Mwamuna wake, Abram, anafa mu 1798 ngolo itamugudubukira pa mtsetse wotsikira kumtsinje, pamene msewu unali utakumbika ndi mvula. Anasiya nyumba, munda wa maapozi, chofinyira zipatso ndi ana aakazi awiri. Masiku amenewo lamulo la kwathu linkalola aliyense wokhala ndi katundu wakewake wokwanira kuponya voti, kaya mwamuna kaya mkazi. Mkazi wapabanja analibe chake, poti zonse zinkakhala m'dzina la mwamuna. Choncho maliro atatha, Keziah anangopezeka kuti ndi wovota, chinthu chimene anali asanachiganizirepo.

Woyamba kukumbukira zimenezi anali mlamu wake Cornelius, mkulu wake wa malemuyo, munthu wa chipani cha Federo mpaka m'mafupa. Tsiku la chisankho anaimika ngolo pachipata.

"Mlamu, valani chipewa, tikavote."

"Ine? Maapozi akundiwolera awa."

"Sawola lero. Kapepala ndi aka, mayina ndalemberatu. Inu kwanu n'kuponya basi."

Anapita. Bokosi la mavoti linkaikidwa m'chipinda chapamwamba panyumba ya mowa ya Tunis. Amuna amene anali pamakwerero anamupatsa njira akuseka, wina n'kukuwa kuti, "Bokosi lero linunkhira sopo!" Keziah anaponya kapepalako osayang'ana munthu. Ali m'njira yobwerera anafunsa mlamu wake kuti wavotera ndani. Cornelius anatchula mayina. Limodzi linali la mkulu amene kale ankayang'anira misewu, yemwe anthu anamudandaulira kambirimbiri za mtsetse uja iye osachitapo kanthu. Chaka chotsatira Keziah analemba yekha kapepala kake.

Zaka zimenezo mudzi wathu unagawanika pakati. A Federo ankamwa kwa Tunis, a Ripabuliki anatsegula nyumba yawo ya mowa kutsidya kwa mlatho. Aliyense ankasulitsa khasu kwa wosula wa chipani chake. M'tchalitchi anthu ankasankha benchi. Keziah ankagulitsa mowa wake wa maapozi konsekonse, ndipo ankabwereka nyuzipepala za mbali zonse ziwiri n'kumawerenga pakhonde, nthawi zina akupukusa mutu. Chisankho chikayandikira, amayi amasiye ankasanduka anthu ofunika. Amuna amene chaka chonse sankamupatsa moni ankamuvulira chipewa ali patali. Tsikulo likafika pachipata pake pankaima ngolo ziwiri, oyendetsa akutukwanizana. Iye ankadutsa pakati pawo n'kuyenda wapansi.

Palibe ankadziwa amene ankamuvotera, ndipo izi zinkamudya Cornelius.

"Mwalowa gulu la akuba a Ripabulikiwo, ndikudziwa. M'bale wanga akutembenuka m'manda."

"Musiyeni atembenuke, mlamu. Wagonera mbali imodzi nthawi yaitali."

Panali Peleg Dunham, mmisiri wa mateyala a ngolo, wofedwa mkazi, wa Ripabuliki wolankhula mokweza. Ankakwera pambiya kumauza anthu kuti munthu wamba ndi wofanana ndi mwini minda. Anayamba kubwera kwa Keziah Lamulungu lililonse, kukonza ichi ndi icho, mpaka tsiku lina anafunsira. Ine ndinali kuseri kwa mpanda ndikudulira mitengo, ndinamva zonse.

"Ndikalola, munda uno ukhala wa ndani?" anafunsa Keziah.

"Wathu, mayi."

"Lamulo likuti wa ndani?"

"Dzina lilembedwa langa, koma zimenezo n'za pepala chabe."

"Nanga voti?"

"Yanga itikwanira tonse awiri. Ndizikufunsani maganizo."

"Ndiye mukakana maganizo angawo?"

Peleg anaseka, Keziah nayenso anaseka, n'kumuuza kuti adikire. Sanamukane. Ankamukonda ndithu, ankamuphikira nkhuku ndi kumusokera malaya. Anthu ankati wakwatiwa ndi bokosi. Peleg anadikira zaka zingapo.

Mu 1807 kunachitika chisankho china kumpoto, cholimbirana malo omangapo bwalo la milandu. Mavoti anachuluka kuposa anthu. Tinamva kuti ena anavota kangapo, ndiponso kuti anyamata ena anavala madiresi n'kubwereranso pamzere. Aphungu anakumana n'kukonza lamulo: kuyambira pamenepo azivota ndi amuna achizungu okha, ndipo aliyense wolipira msonkho ankawerengedwa kuti ndi woyenera. Akazi anachotsedwa. Anthu akuda amene anali mfulu anachotsedwanso, monga Primus Vroom wa kumapeto kwa mudzi, yemwe ankavota ine ndisanamere ndevu. Zipani ziwiri zimene sizinkagwirizana ngakhale za nyengo zinagwirizana pa ichi. Chilichonse chinkakhulupirira kuti amayi amasiye amavotera anzawowo.

Chisankho chotsatira Keziah anavala chipewa n'kupita kwa Tunis monga mwa masiku onse. Woyang'anira bokosi chaka chimenecho anali Cornelius.

"Mlamu, mukudziwa kale. Musandichititse manyazi."

"Ndiwerengereni lamulolo, ndimve ndi makutu anga."

Cornelius anawerenga.

"Nanga amuna anavala madiresi aja, iwo mwawachotsa?"

Ena anaphulika kuseka, Cornelius anangoyang'ana pathebulo. Kumbuyo kwa Keziah kunali wantchito wake Joost, amene analibe ngakhale mbuzi, atagwira kapepala kamene anapatsidwa pamodzi ndi kapu ya kachasu. Kanali koyamba kuti avote. Keziah anapatuka kuti adutse.

"Pita, Joost. Ukamaliza ukatsuke mbiya."

Keziah anatsika makwerero, kapepala kake ali nako m'manja.

Lamulungu lotsatira Peleg anabwera atavala jekete lake labwino.

"Basitu mayi, chotchinga chija chachoka."

"A chipani chanu anakweza manja kuvomereza lamulo lija?"

"Onse anakweza, si athu okha."

"Inu pambiya paja munanenapo chiyani?"

Peleg anati nkhaniyo inali yovuta, ndipo sinali nthawi yogawanitsa chipani. Keziah anamudyetsa chakudya chamasana, n'kumuuza kuti asavutikenso kubwera. Chaka chisanathe Peleg anakwatira mtsikana wa kutsidya kwa mtsinje. Mowa wa paukwatiwo unachokera kwa Keziah.

Sanakwatiwenso. Chipani cha Federo chinafa, Cornelius anafa pambuyo pake, kunabwera zipani zina ndi mayina atsopano. Misonkhano inakula. Ankaimika mitengo italiitali ya mbendera pabwalo, kuimba ng'oma, kuotcha ng'ombe yathunthu, amuna n'kumenyana mpaka mano kuguluka. Akazi ankasoka mbendera ndi kukupiza mipango ali pamawindo. Keziah sanasokepo mbendera ya aliyense, koma nyuzipepala sanasiye kuwerenga mpaka maso atafooka, ndipo kenako ankandipempha ine kuti ndizimuwerengera. Akamva dzina la wopikisana ankati, "Ameneyo ayi," kapena, "Ameneyo angayeseko," n'kubwerera ku ntchito yake.

Achinyamata sankakhulupirira kuti anavotapo. Mkamwini wake anandifunsa tsiku lina ngati apongozi ake ayamba kusokonezeka mutu. Ndinamuuza kuti ndinawaona ndi maso anga akukwera makwerero a kwa Tunis. Anangoti, "Kale kunali zodabwitsa."

Keziah anamwalira ndi chifuwa m'nyengo yozizira ya 1836. Mwana wake wamkulu anali atasamukira ku Ohio ndipo uthenga unamupeza mochedwa. Tinamuika ife anansi pamodzi ndi mwana wake wamng'ono, nthaka ili gwa ndi chisanu, ndipo manda anatenga tsiku lonse kukumba.