Masamba a Kuseri kwa Benchi

Dzina loti Asankhani analitolera pamsika wa kwawo, pomwe anakalambira akugulitsa ndiwo zamasamba. Munthu akangoyandikira benchi lawo, iwo ankati, "Sankhani, mayi, sankhani, kugwira n'kwaulere!" Dzina lawo lenileni linazimirira pang'onopang'ono, mpaka ngakhale amuna awo, asanamwalire, ankawaitana choncho.

Ana awo onse anakulira pansi pa benchi limenelo. Chitsiriza, mtsikana, ankagona pathumba pakati pa madengu, akuyamwa chala. Dzuwa likapendeka, masamba a tanaposi otsala, ofota kale, Asankhani ankapita nawo kunyumba n'kuwaphika ndi anyezi ndi tomato wophwanyika amene palibe akanamugula. Zinali ndiwo za umphawi, koma mtsikanayo ankanyambita ndi mbale yomwe. Atakula anaphunzira unamwino, anakwatiwa, n'kupita kukakhala kunja kwa dziko ndi mwamuna wake, dalaivala wa mabasi a mumzinda.

Uthenga wowaitana unachokera kwa mkamwiniyo. Mdzukulu anabadwa bwino, koma mayi wake anavutika kwambiri mpaka kuchitidwa opaleshoni, ndipo chitulukireni m'chipatala sankadya. Ankangoti mkamwa mukuwawa. Mkaka unayamba kuchepa, khanda likungolira.

Asankhani anakapeza mwana wawo ali m'chipinda chapamwamba, m'nyumba yosanja, maso atalowa. Kukhitchini kunali chilichonse: firiji yodzaza, mbaula yamagetsi yopanda utsi, mapoto onyezimira ngati sanaonepo moto. Anaphika nkhuku, mwana anangoyang'ana. Anaphika nsomba, anatembenukira kukhoma.

"Nanga mtima ukufuna chiyani, mwanawe?"

"Palibe, amayi." Kenako anati chapansipansi, "Kaya masamba aja munkaphika madzulo aja."

Msika unali kutsidya kwa msewu, unkaoneka pazenera. M'mawa mwake Asankhani anavala juzi ziwiri, kutenga chikwama, n'kutsika. Chinenero cha kumeneko sankachidziwa ngakhale moni, koma msika ndi msika. Fungo la anyezi, madzi owaza pa ndiwo, mawu a ogulitsa, zonsezi zinawalandira ngati abale. Anangodabwa kuti zinthu zinali zoyalidwa mwaudongo ngati za m'chithunzi, ndipo atafinya tomato kuti amuone kukhwima, mayi wogulitsa anawagwedezera chala.

Chakumapeto kwa mzere kunali bambo wina wamimba, wandevu zotuwa, amene iwo anangomutcha Andevu. Pabenchi pake panali milu ya zibulungwa zoyera, zofiirira kumutu. Asankhani sanazizindikire mpaka ataona bamboyo akutenga chimodzi, n'kudula masamba ndi mpeni, n'kuwaponya m'bokosi la zinyalala kuseri. Anali tanaposi. Anthu a kumeneko ankadya mizu n'kutaya ndiwo!

Analoza bokosilo, n'kutambasula dzanja lokhala ndi ndalama. Andevu anawapatsa mizu. Anapukusa mutu n'kulozanso bokosi. Andevu anawayang'ana kuyambira ku mpango mpaka ku nsapato za malemu amuna awo, zomwe ankazikonda chifukwa sizinkawapana zala. Nkhope yake inagwa. Anawapinda dzanja lija kuti abweze ndalama, n'kuwasiya atole okha.

Anasankha anthete okhaokha. Kunyumba anawatsuka, kuwaduladula bwinobwino, n'kuwaphika monga kale, osachulutsa mafuta, osavundikira nthawi yaitali. Fungo litafika kuchipinda, anamva mawu: "Amayi, mukuphika chiyani?" Tsiku limenelo mwana wawo anadya theka la mbale, misozi ikugwera momwemo.

Kuyambira pamenepo Asankhani sankajomba. Andevu akawaona ankawasungira masamba pambali. Tsiku lina anawonjezera buledi. Lina mazira. Lina mpango waubweya. Iwo ankalandira ndi manja awiri, akugwada pang'ono, chifukwa nawonso pabenchi lawo sankalola kasitomala wokhazikika kuchoka opanda kapulaizi.

"Bambo amene uja malonda amawadziwa," ankauza mwana wawo. "Koma pulaizi yake ndiye yonyanya. Adzagwa nayo bizinesi."

Nkhani inaipa tsiku lomwe basi ya mkamwini inaima pamaloboti pafupi ndi msika. Atasuzumira anaona apongozi ake atawerama, mutu uli m'bokosi la zinyalala, anthu akuwalambalala. Madzulo anafika osavula n'komwe yunifolomu. Anakhala pampando patali, maso ali pansi, akupotokola chipewa.

"Amayi, pepani, ndilankhule ngati mwana wanu. Kodi pakhomo pano pali chimene chikusowa?"

"Iyayi, bambo. Ndikunenepa ngati nkhumba ya m'khola."

"Nanga bwanji mukutola m'zinyalala? Kuno amene amatero ndi munthu wopanda kwawo. Anzanga akuntchito akamva, aziti ndinaitana apongozi kuti ndiwaphe ndi njala. Mphatso mukulandirazo si pulaizi, amayi. Bamboyo akukuyesani wopemphetsa."

Moyo wawo wonse, ngakhale m'zaka za njala, Asankhani sanapemphepo kanthu kwa munthu. Anayang'ana mpango waubweya uja pamsomali, n'kuutsitsa, n'kuupinda. Kwa eni kulibe mkuwe.

"Ndamva, bambo. Sindipitakonso."

Mkamwini sanangowaletsa n'kusiyira pomwepo. Anayenda m'masitolo akuluakulu n'kubwera ndi masamba a m'mapepala apulasitiki, osalala, otsukatsuka. Asankhani anawaphika ndi mtima wonse, koma ankangosungunuka m'poto ngati thovu, opanda kakuwawa kaja. Mwana wawo analawa kamodzi n'kukankha mbale. Za bokosi la zinyalala sanamuuze, poopa kumuwonjezera nkhawa. Khanda linayambiranso kulira. Asankhani ankalibereka kumbuyo n'kuima pazenera, kuyang'ana Andevu akudula masamba n'kumataya. Nthawi zina bamboyo ankakweza mutu kuunguza uku ndi uku.

Loweruka lina masana kunamveka kugogoda. Mkamwini atatsegula anapeza chimunthu chandevu chikupuma wefuwefu chifukwa cha masitepe, thumba la masamba paphewa, chijasi chachikulu chakale m'khwapa. Anali atafunsira kwa wogulitsa nyuzipepala wa pansi kuti gogo wa nsapato zachimuna amakhala khomo liti.

Andevu anayang'ana makatani, wailesi yakanema, firiji. Anayang'ananso Asankhani, amene anatulukira khanda lili kumbuyo. Kenako anabisa chijasi chija kumsana ngati mwana wogwidwa akuba shuga.

"Akuti chiyani?" anafunsa Asankhani.

"Akuti ankaganiza kuti mwadwala, kapena mwafa ndi chisanu," anamasulira mkamwini, thukuta lili pamphumi. "Akufunsanso kuti, ngati chakudya chilipo, masambawa mumatani nawo. Kapena mukuweta mbuzi m'nyumba muno?"

Kuchipinda kunamveka phokoso lomwe linali litasowa m'nyumbamo. Mwana wawo, amene anamva zonse, anali ataima pakhomo atagwira khoma, akuseka mpaka kugwira pamimba posokedwa.

"Mbuzi yake ndine! Auzeni, bambo ake a mwana, mbuzi yake ndi ino!" Anatembenukira kwa mwamuna wake. "Ndiye inu munawaletsa amayi? Ine ndinakulira masamba otsala omwewa. Unesi wangawu unachokera m'zinyalala za pamsika."

"Ine ndimateteza ulemu wa amayi," anatero mkamwini motsitsa mawu.

"Munachita bwino, bambo," anatero Asankhani. "Koma tsopano mlendo waima pakhomo ndi katundu. Mulandireni."

Anamukhazika Andevu kukhitchini, pampando womwe unkalira ndi kulemera kwake. Asankhani anakhuthula thumba lija patebulo n'kuyamba kusankha, manja akuyenda okha monga ankachitira kwawo: ili lakalamba, ili ladyedwa ndi mbozi, ili ndiye ndiwo. Andevu ankaonerera mpeni wawo, akugwedeza mutu ngati munthu wodziwa ntchito ya mnzake. Zitapsa analawa, n'kukwinya nkhope, n'kulankhula kanthu.

"Akuti zikuwawa," anatero mkamwini.

"Muwauze kuti ayesenso. Kuwawako ndiye ndiwo."

Andevu anayesanso, koma anapukusa mutu n'kupempha madzi. Palibe anadandaula, chifukwa mbale ya mwana wawo inali itayera, ndipo anali akukokota m'poto ndi supuni.

Asankhani anakhala kumeneko mpaka khanda litayamba kukwawa, lonenepa, masaya ngati maungu. M'mawa uliwonse ankawoloka msewu atavala mpango waubweya uja. Kuti asamaweramenso m'bokosi, Andevu anawaikira kampando pambali pa benchi, ndipo ankamuthandiza kudula masamba, gawo lawo n'kumaika m'chikwama. Sankamvana mawu, koma ankakangana tsiku lililonse za kayalidwe ka tomato. Basi ya mkamwini ikaima pamaloboti, inkaliza hutala kawiri, iwo n'kukweza mpeni.

Atabwerera kwawo anakhalanso pabenchi lawo lakale, ngakhale mawondo anali atayamba kukana. M'miyezi yozizira ankafunda chijasi chachikulu chija cha Andevu, chofika m'akakolo. Anzawo a pamsika akawaseka kuti chimenechi n'cha mlonda, iwo ankachisisita pamkono n'kunena kuti, "Musachinyoze. Imeneyi ndi pulaizi."