Diresi Lachikasu la Amayi

Fungo la mafuta a zitumbuwa likalowa mu nsalu silichoka, olo muchape ndi sopo wotani. Lero m'mawa ndimasita diresi langa, mwana akulira pamphasa, ndiye simbi itangokhudza nsalu fungo lija linakwera n'kundilowa m'mphuno. Ndinapezeka ndikusuzumira kukhomo, koma kunalibe munthu, nkhuku zokha. Umu ndi mmene ndinkasuzumira chilimwe chija, chaka chimene bambo anga anamwalira, ine ndili Sitandade 3.

Tinkakhala m'nyumba za kampani pa esiteti ya tiyi, mzere wa nyumba zofanana, za malata otentha moti masana ankalira okha, the, the, ngati wina akuponyapo timiyala. Bambo anali a ku Nsanje. Anabwera kudzagwira ntchito kufakitale, n'kukwatira amayi mwa chikwawo, ndi lobola. Kwa amayi, kwa Alomwe, mwana ndi wa mayi ake. Kwa bambo, mwana ndi wa kumene kunachokera lobola. Ine izi sindinkazidziwa mpaka maliro atatha, anthu onse atabalalika, m'nyumba n'kutsala mlendo mmodzi amene sanapite. Anali azakhali a Joana, achemwali awo a bambo, mayi wamtali, wouma thupi, wolankhula pang'ono. Anati akhala nafe mpaka mvula itagwa, kuti aone kuti malirowo akusungidwa bwino.

Amayi anavekedwa diresi lakuda la manja aatali, ndi duku lakuda. Ndinawamva azakhali akunena, ine ndikutsuka mbale kuseri: "Alamu, zakudazi muvale mpaka tidzakuvuleni tokha. Ndikadzamva kuti mwayamba kudzikongoletsa achimwene anga asanazizire m'manda, mwanayu ndipita naye ku Nsanje."

Ku Nsanje ndinali ndisanapiteko. Ndinkangomva kuti kuli ng'ona ndi udzudzu, ndiponso kuti phiri lathuli silioneka. Chikwama cha azakhali, chija cha mizeremizere, chinkakhala kuseri kwa chitseko, ndipo ndikamasesa ndinkachiyang'ana, kuyeza ndi maso ngati zovala zanga zingakwanemo. Zikanakwana, n'kutsalanso malo.

M'nyumba munalibenso wogwira ntchito, ndiye amayi anayamba kukazinga zitumbuwa. Ankasinja nthochi zakupsa mumtondo, kusakaniza ndi mgaiwa, n'kuumba timibulu ndi manja. Anayamba kugulitsa pageti pa esiteti, koma azimayi omwe aja analira nafe ankadutsa atayang'ana kumbali. Chakudya chophika munthu wa zakuda anthu ankachiopa. Ndiye tinasenza beseni n'kupita ku Likhubula, patsinde pa phiri, kumene anyamata onyamula katundu wa alendo amagula kamba asanayambe kukwera. Sukulu chilimwe chimenecho ndinkapita modumphadumpha. Ku Likhubulako mnyamata wina anatambasula dzanja, n'kuyang'ana diresi la amayi, n'kulibweza.

"Pepani mayi," anatero. "Za maliro sitikwera nazo. Phirili lili ndi eni ake."

Tinakhala padzuwa tsiku lonse, zitumbuwa zikuuma, ine ndikuingitsa ntchentche. Poti panalibe chochita, ndinkayang'ana azimayi ena ogulitsa. Aliyense anali ndi kavalidwe kakekake. Wa nthochi ankavala jekete ya suti ya pakaunjika pamwamba pa chitenje, ngati kalaliki wa kuofesi. Wa mtedza anali ndi chipewa cha abambo ndi ndolo zazikulu zolendewera. Amene anayandikana nafe, Mayi Nambewe a nanazi, ankavala chitenje, bulauzi ndi duku zonse za nsalu imodzi, ndipo milomo ankaipaka mafuta mpaka kuwala. Anthu ankawaona ali kutali n'kulunjika kwa iwo. Madzulo anatipatsa nanazi imodzi yophwanyika, n'kuwanong'oneza amayi kuti, "Achemwali, wogula asanalawe chitumbuwa amayamba walawa inu ndi maso."

M'mawa mwake beseni linalemera pang'ono. Pansi pa masamba a nthochi, pansi pa zitumbuwa zotentha, amayi anaikapo jumbo, ndipo m'jumbomo munali diresi lachikasu. Nsalu yake inali kapulana, chitenje cha ku Mozambiki, imene bambo anawagulira ku Milange, yachikasu ngati mango akupsa, ya masamba obiriwira. Telala anaisoka manja ofufuma, n'kutsalako chidutswa cha duku.

Panjira panali malo pamene munda wa tiyi umathera, pamayambira mitengo ya bulugamu, ndipo pakati pake panali ngalande youma. Amayi anatula beseni, n'kutsikira m'ngalandemo ndi jumbo ija.

"Lonesi, tembenuka, uyang'ane njira. Ukaona munthu utsokomole. Usacheuke."

Imeneyo inakhala ntchito yanga, popita ndi pobwerera. Ndinkaima chilili, msana uli kungalande, maso ali kunjira, kumtunda, kumunsi, kumtundanso. Tiyi anali atatuwa ndi fumbi. Nyenje zinkalira mpaka m'makutu kuwawa, ndipo ndinkaopa kuti zindibisira mapazi a munthu. Chitsa chilichonse chinkaoneka ngati azakhali. Kumbuyo kwanga ndinkamva jumbo ikuchita phokoso, amayi akupuma movutikira, ndiye mumtima ndinkangoti fulumirani, fulumirani amayi.

Akatulukamo ankakhala munthu wina. Duku ankalimanga mfundo yake itaima pambali, khosi n'kuwongoka, ngakhale kayendedwe kankasintha. Ku Likhubula anyamata aja anayamba kuwatchula kuti Mayi Chikasu. Ngati alipo amene anawazindikira, anatseka pakamwa ndi chitumbuwa. Ankakuwa ali kutsidya kwa msewu kuti, "Mayi Chikasu, mundisungire zamkati, zofewazo!" Amayi ankayankha kuti, "Mano muli nawo a chiyani, achimwene?" n'kuseka. Kusekako kunkandipweteka. Ndinkati awaiwala bambo, awasiya m'jumbo pamodzi ndi zakuda zija. Ndinkaonanso kuti ankatuluka thukuta kuposa azimayi onse, linkachita kudontha kuchibwano, ndipo pakakhala popanda wogula ankakhuza msana pamtengo umene tinkatsamira. Ndinkangoti ndi dzuwa la Okutobala.

Kunyumba tinkafika amayi ali bii, kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Azakhali ankakhala pakhonde akusankha nyemba, maso ali palichero koma akuona zonse.

"Zatha zonse? Anthu a kuphiri saopa maliro eti?"

"Njala siopa, alamu."

Ndinkaopa kuti kaulusi kachikasu katsalira paphewa la amayi, kapena kuti ndilankhula kutulo. Azakhali akandiitana, ngakhale kungondituma madzi, ndinkayamba ndayang'ana chikwama chija kuseri kwa chitseko. Ndinayamba kutsokomola ndekhandekha popanda chifukwa, mpaka anandiphikira masamba a bulugamu kuti ndifukize.

Tsiku limene zinaululika, mitambo inali itaunjikana pamwamba pa phiri koma mvula osagwa, mpweya uli tsoo. Ndinali nditakhala pamwala, ndikuyang'ana msewu mwa chizolowezi, ndiye ndinaona mutu wa azakhali, aatali aja, pakati pa anthu otsika minibasi. Ndinatsokomola. Ndinatsokomolanso, mwamphamvu, mpaka misozi. Koma pamsika pangabisike pati munthu wovala chikasu? Amayi anakweza maso, anawaona, ndipo dzanja lawo linaima m'malere. Kenako anamaliza kukulunga zitumbuwa za wogula, anamupatsa bwinobwino, n'kuimirira.

"Alamu, mwabwera."

"Ndabwera kudzaona phiri," anatero azakhali. Anawayang'ana amayi kuyambira kuduku kutsika mpaka kumapazi. "Malizani. Tikambirana panjira."

Anakhala pamthunzi mpaka beseni linatha. Mayi Nambewe anasiya nthabwala zawo. Pobwerera azakhali anali patsogolo, amayi pakati, ine pambuyo, ndipo ndinkayang'ana phiri, miyala yake, mathithi ake owuma, kuti ndikalikumbukire ku Nsanje. Titafika pangalande paja azakhali anaima okha, ngati ankapadziwa kale.

"Ndiye achimwene anga mumawavulira pano?" anatero. "Lonesi, tikafika usonkhanitse zovala zako."

Amayi anatula beseni pansi. Sanatsikire m'ngalande. Anandiyang'ana n'kunena kuti, "Lero usatembenuke."

Anamasula duku lachikasu, ndipo pansi pake panali lakuda lija, litamatirira kumutu. Anagwira diresi m'munsi n'kulikokera kumwamba, linakakamira m'mapewa, analimbana nalo mpaka linatuluka. Mkati munali diresi lakuda. Linali litanyowa ngati alichotsa mumtsinje, lili ndi mizere yoyera ya mchere wa thukuta kumsana ndi m'khwapa. Manja ake aatali anawapindira mpaka kumapewa n'kuwabaya ndi mapini kuti abisike m'manja ofufuma aja, ndipo m'munsi analikwinya n'kulimanga ndi chingwe m'chiuno. M'khosi monse ndi m'mikono munali zidzolo zofiira, zina zitachita zilonda.

"Achimwene anu sindinawavule, alamu," anatero amayi. "Ndangowafunditsa, kuti mwanayu adye."

Nyenje zinkalirabe. Azakhali anayandikira, anagwira nsalu yonyowayo ndi zala ziwiri, anakweza kolala n'kuona zilonda zija.

"Kutentha konseku?" anatero azakhali. "Mukanakomoka panjira, inu. Ndiye tikanati chiyani?"

Anawerama n'kutola duku lachikasu pafumbi, analikuntha pabondo, n'kuliyang'ana ngati akufuna kuligula. "Nsaluyi ndi maso a achimwene anga, ankakonda zowala chonchi. Koma kamangidwe kanu n'ka munthu wothawa. Bweretsani mutu kuno." Analizunguliza pamwamba pa lakuda lija, kukoka, kupinda, mpaka linaima lalitali ngati la mkwatibwi. "Kwathu ogulitsa nsomba timamanga chonchi, wogula amakuonera patali." Kenako anandicheukira. "Iwe ukuyang'ana chiyani? Senza beseni."

Za zovala zanga sanazitchulenso. Madzulo amenewo anatenthetsa madzi okha n'kuwathowa amayi kumsana. Kuyambira pamenepo diresi lachikasu linkavalidwira m'nyumba, pamwamba pa lakuda, azakhali ndi amene ankamanga duku. Mvula itagwa anabwera akuluakulu a ku Nsanje, anawavula amayi zakuda, ndipo azakhali ananyamula chikwama chawo cha mizeremizere n'kukwera basi okha. Ndinawaperekeza mpaka pamsewu, koma ndinaima patali ndi chitseko cha basiyo, mwina angasinthe maganizo.

Pano ndili ndi mwana wanga, Yankho, sanayambe n'kuyenda komwe. Bambo ake ali ku Joni ndipo foni yawo inasiya kugwira. Ndimagulitsa zitumbuwa pa Thuchila, mwana ali kumsana, ndipo akatentha thupi pang'ono ine mtima umakhala uli m'mwamba tsiku lonse. Koma ndimavala diresi langa lobiriwira, ndolo, ndi duku lalitali la kamangidwe ka ku Nsanje, ndipo ogula amati Mayi a Yankho alibe mavuto, taonani mmene atchenera. Ine ndimaseka n'kuwafunsa kuti akufuna zingati.

Ndili mwana ndinkaganiza kuti amayi ankanditembenuza kuti ndiziwaonera anthu. Njira ija sinkadutsa anthu ambiri, ndipo amayi anali ndi makutu awo. Ankanditembenuza kuti ndisaone zimene ankasenza mkati mwa chikasu chija. Lero m'mawa nditamaliza kusita, ndinamunyamula Yankho, ndinamukhazika moyang'ana kukhomo kuti aziona nkhuku, ndinapukuta m'maso, kenako ndinavala.